Mahediseti oumbitsa pa khutu lako kapena ogula pa shelefu, uchite bwanji ukadali ku sekondale

Tchuthi chapitachi mphwanga, mwana wa achemwali anga a ku Bembeke, anabwera kuno pa Dedza Boma foni ili mmanja akuti amalume taonani izi. Inali vidiyo ya bandi ina yakunja ili pa siteji, woyimba aliyense ali ndi timahediseti tolowa mkhutu ndendende ngati tinamera momwemo, waya wadutsa pamwamba pa khutu nkutsikira kumsana. Mnyamatayu ali fomu 3, zaka 16, ndipo amaimba ng'oma mu bandi ya achinyamata ku tchalitchi kwawo, nde mtima unali utapita kale, akuti akakumba kachewere wa pa kamunda kake chaka chino ndi chamawa ndalama asunga kuti adzagule zoterozo. Ine ndimagwira masipika ndi mikisa, makina aja osakanizira mawu a maiki ndi zida zoimbira, ku tchalitchi komanso mmaukwati, nde tinakhala pakhonde kukambirana mpaka chisanu chinatilowetsa mnyumba. Zomwe ndinamuuzazo ndi zomwe ndikulemba pano poti ndikudziwa kuti mafana ambiri mukuziona pa TikTok ndi pa YouTube nkumalakalaka.

Timvane kaye pa mayina. Mahediseti olowa mkhutu alipo a mitundu iwiri. Ena ndi awa tonse timawadziwa, pa intaneti amati ma universal, kampani imapanga thupi limodzi la aliyense nkuikamo timalabala ta kunsonga ta masayizi osiyana, S, M ndi L, iwe nkusankha komwe kakukukwana. Enawo amati ma custom, awa sugula pa shelefu, amachita kuumba potengera khutu lako iweyo. Katswiri wa za makutu amathira silikoni wofewa mkhutu mwako, imauma pakatha mphindi zochepa, nkuchotsa, chotulukacho chimakhala ngati chikombole cha khutu lako. Chimenecho chimatumizidwa ku kampani yakunja, iwo amachijambula pa kompyuta nkupanga chigoba chokwana khutu lako lokha, mnzako ngakhale akakamize sichilowa. Zinthuzi zinatchuka ndi oyimba. Mu 1995 Jerry Harvey, amene ankagwira za masipika a pa siteji mu bandi ya Van Halen ku America, anapangira Alex Van Halen, woyimba ng'oma wa bandiyo, mahediseti otere chifukwa phokoso la pa siteji linkamulepheretsa kumva anzake, ndipo kampani ya Ultimate Ears inayambira pamenepo. Mphwanga atamva kuti anali wa ng'oma ngati iye maso anawala, nde mpomwe ndinati dikira kaye, tiyende pang'onopang'ono.

Choyamba, dzifunse kuti uziwagwiritsa ntchito pati

Ngati nkhani ndi kumvera nyimbo mu minibasi ya ku Lilongwe, kuwerenga usiku ku hosteli anzako akusokosa, kuonera mpira pa foni, iwe sukufunika ma custom, basi, dumpha upite pa gawo la ma universal. Ma custom anapangidwira munthu amene amavala maola ambiri ali pa siteji, akudumpha, thukuta lili kamukamu, ndipo akufuna chinthu chisagwe komanso chitseke phokoso. Ndipo usanamizidwe kuti mawu ake amakoma chifukwa choti ndi oumbitsa. Makampani ambiri timasipika tamkati timakhala tofanana mu universal ndi mu custom ya mtundu womwewo, chosiyana ndi chigoba. Ukulipira kukwana kwake.

Chachiwiri, werenga zaka zako

Apa mpomwe pagona nkhani yonse ndipo ndikufuna umvetsetse. Pa zaka 14, 15, 16 thupi likadakula, nsagwada ikusintha, nkhope ikusintha, ndipo njira ya mkhutu yagundana ndi pamene nsagwada imalumikizana ndi mutu. Tayesa pompano, ika chala chaching'ono pakhomo pa khutu nkuyasamula, umva kuti mkatimo mukuyenda. Ndiye kuti nsagwada ikasintha, ukanenepa kapena kuonda kwambiri, maonekedwe a mkatimo amasinthanso pang'ono, ndipo pa chigoba cholimba pang'ono pomwepo mpokwanira kuti mpweya uzidutsa mmbali. Mpweya ukangodutsa besi yathawa, phokoso lakunja lalowa, mwinanso chikuyamba kukupweteka pena pake.

Amayi akamagula yunifomu ya fomu 1 amagula yokulirapo kuti ufike nayo fomu 3, nsapato chimodzimodzi. Ma custom sungagule okulirapo. Amakwana khutu la tsiku lomwe unatengetsa chikombolelo, basi. Akatswiri amene amaika ana zothandizira kumva amadziwa bwino zimenezi, kachigoba ka mkhutu ka mwana kamasinthidwa pafupipafupi chifukwa mwanayo akukula, ndipo amene munafikako ku Mua komwe kuli sukulu ya ana osamva mwina munazionapo zipangizozi. Akuluakulu nawonso makutu amasintha koma pang'onopang'ono, pamatenga zaka. Wachinyamata ukhoza kuwononga ndalama ya zaka ziwiri pa chinthu choti usanalembe MSCE chayamba kale kukhwepa. Ine malangizo anga ndi oti udikire, umalize sukulu, thupi likhazikike, udutseko zaka 18 mwinanso 20.

Chachitatu, werengera ndalama zonse osati mtengo wa pa intaneti wokha

Ma custom a makampani odziwika ngati Ultimate Ears, 64 Audio kapena JH Audio amayambira madola mazana angapo, ena kudutsa madola 1,000. Amenewo ndi madola, ndipo tonse tikukumbukira November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, munthu ukusunga makwacha zaka ziwiri mtengo ukuthawa kutsogolo. Pamwamba pake ikapo transipoti yopita kwa katswiri wa makutu, kulipira chikombole, kutumiza chikombolecho kunja pa kampani yonyamula katundu, kudikira masabata angapo, kenako msonkho katundu akafika. Ndipo sikuti nthawi zonse amakwana ulendo woyamba, nthawi zina umayenera kubwezanso kuti akapale kapena kuwonjezera pang'ono, makampani ambiri amapereka nthawi yochepa, ngati mwezi umodzi, yokonza mwaulere koma kutumizako ndi kwako. Munthu wa ku London kapena Los Angeles izi nzosavuta, ife tili ku Dedza.

China chomwe mafana samaganizira, ma custom sagulitsika. Universal ukatopa nayo kapena fizi yavuta ukhoza kutsuka, kusintha timalabala, nkugulitsa kwa mnzako. Custom palibe angagule poti sikwana munthu wina, ndalama yonse yafera mkhutu mwako. Mbali imodzi ikatayika ku hosteli kapena itaponderezedwa mchikwama, yotsalayo yokha ilibe ntchito mpaka utumizenso kunja. Ndipo zija timachita zogawana, iwe khutu limodzi mnzako khutu limodzi mukumvera limodzi, ndi custom sizitheka.

Chachinayi, kusankha universal yabwino

Osangotola ya pa benchi ya pamsika yomwe waya wake ndi wowonda ngati ulusi. Ine ndinagulapo pa shopu ina mtauni, bokosi lokongola dzina lodziwika, sabata ziwiri mbali imodzi zii, nditabwerera anandiuza kuti katundu akatuluka sabwezedwa. Chiyambire pamenepo ndimayang'ana zinthu izi.

Yang'ana yomwe waya wake umachoka. Mahediseti ambiri sikuti sipika ndi yomwe imafa, ndi waya amene amaduka mkati, pafupi ndi pulagi kapena pafupi ndi khutu. Ngati waya ndi wochotseka umangogula waya wina. Polumikizira pake pali mitundu iwiri yodziwika, wina wa timapini tiwiri amalemba 2-pin, wina wozungulira amati MMCX, udziwe wako ndi uti usanagule waya watsopano. Makampani a ku China ngati KZ ndi Moondrop ali ndi ena otere a mtengo wa madola 20 kapena kucheperapo, ndipo pa ntchito ya ku tchalitchi amakwanira. Amene thumba likulola pali Shure SE215, ya madola pafupifupi 100, oyimba ambiri amayambira pamenepo. Ngati uli ndi mbale ku Johannesburg kapena wina amene amaitanitsa katundu, mtumizire chithunzi ndi dzina lenileni, usangoti mundigulire mahediseti abwino.

Onanso foni yako. Ma Tecno ndi itel ambiri akadali ndi kabowo ka 3.5 mm, koma mafoni ena atsopano alibe, pamenepo ufunika ka adaputa kolowa pa USB-C. Kwa woyimba, a Bluetooth asiye, mawu amafika mochedwa pang'ono ndipo pa ng'oma kuchedwa pang'onoko kumakusokoneza.

Tsopano timalabala, apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa nkumati universal siyikwana, ndikufuna custom. Ambiri amangogwiritsa ntchito kamene kabwera kataikidwa kale, ena aja nkutaya limodzi ndi bokosi. Usataye. Khala pansi pamalo opanda phokoso, ika nyimbo yomwe umaidziwa bwino ya besi yomveka, voliyumu yapansi. Yamba ndi M. Polowetsa, dzanja linalo lidutse pamwamba pa mutu ukoke khutu mmwamba ndi chakumbuyo pang'ono, njira ya mkhutu imawongoka, lowetsa mopotoza pang'ono kenako siya. Ikakhala bwino umva zinthu ziwiri, phokoso lakunja latsika ngati watseka makutu ndi zala, ndipo mawu ako ukamayankhula akumveka mmutu. Besi imabwera yodzadza. Ngati nyimbo ikumveka yowonda ngati kawailesi kakang'ono ndiye kuti mpweya ukudutsa, yesa L. Ngati ikukankhika yokha kutuluka kapena ikupweteka pakatha mphindi khumi, yesa S. Kenako yasamula, tafuna, gwedeza mutu, yenda pang'ono, uone ngati yakhalabe.

Ndipo yesa khutu lililonse palokha. Makutu awiri a munthu mmodzi safanana nthawi zonse, ukhoza kupeza kuti kumanja ndi M kumanzere ndi S, palibe cholakwika. Ngati a labala onse akukanika pali ena a siponji, odziwika ndi a Comply koma aliponso otchipa, awa umafinya ndi zala kuti aphwe, kulowetsa msanga, nkugwira masekondi 20 kapena 30 kuti afufume mkatimo nkutenga maonekedwe a khutu lako. Amatseka phokoso kwambiri, kwa wa ng'oma ndi abwino zedi, kungoti amatha msanga, pakapita miyezi ingapo umagula ena. Ubwino wake ndi womwewu, khutu likasintha chaka chamawa umangosintha kalabala ka ndalama zochepa, mahediseti ali omwewo.

Chachisanu, voliyumu, ndipo ichi chokha ukachigwira ndasangalala

Ine khutu langa lakumanzere limalira. Kaphokoso kakuti tsiii, usana sikamveka kwambiri koma usiku kukakhala bata kamabwera, ndipo papita zaka sikanachoke. Ndinayamba kuima pafupi ndi masipika mmaukwati ndili mnyamata, tsiku lonse, kubwerera kunyumba makutu ali gwaa ine nkumati mawa atseguka. Amatsegukadi, mpaka tsiku lina kulirako kunatsala. Mkati mwenimweni mwa khutu muli timaselo tokhala ngati tiubweya tomwe timasandutsa mawu kuti ubongo umve, phokoso lalikulu limatiwononga ndipo tikafa sitimeranso, palibe jakisoni kapena mankhwala obwezeretsa.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati achinyamata oposa 1 biliyoni padziko lonse ali pachiopsezo chowononga makutu chifukwa cha kamvedwe ka nyimbo kosasamala. Mphamvu ya phokoso amayeza mu ma decibel. Malire omwe iwo amapereka ndi 80 kwa maola 40 pa sabata kwa munthu wamkulu, ndi 75 kwa ana. Ukakweza kufika 90 nthawi yabwino imatsika kufika maola 4 okha pa sabata, pa 100 ndi mphindi 20 basi. Ng'oma za bandi ukamamenya mwamphamvu zimatha kudutsa 100, nde taganiza mapulakatisi Lachisanu, Loweruka, kenako Lamulungu mapemphero awiri.

Njira yapafupi, voliyumu ya foni isadutse 60 peresenti, ndipo foni ikakuchenjeza kuti wakweza kwambiri usangodina OK. Puma pakatha ola, chotsa mahediseti makutu apume. Apa mpomwe kukwana bwino kwa kalabala kumathandiza, phokoso lakunja likatsekeka sufuna kukweza kuti umve. Mu minibasi injini ikulira, wailesi ya adalaivala ili pamwamba, wa mahediseti okhwepa amakweza mpaka kumapeto osadziwa, wa otseka bwino amamva pa theka. Custom nayo siteteza khutu payokha, ukakweza imawononga chimodzimodzi, sipikayo ili mkati momwemo.

Kwa inu a mu bandi, musamavale khutu limodzi lina nkusiya pamtunda. Ndimaona oyimba ambiri akuchita zimenezi kuti azimva mpingo, koma chomwe chimachitika nchoti umakweza kwambiri mbali yovalayo kuti ipose phokoso la mbali inayo, makutu onse awiri nkumapwetekeka. Vala onse, ndipo uwapemphe a pa mikisa akuikire maiki imodzi yoloza ku mpingo mu zomwe ukumvazo. Komanso usalowetse mkhutu waya asanalumikizidwe ndi kutsitsidwa voliyumu, kaphokoso kaja kamaphulika polumikiza kamapita molunjika mkhutu.

Chachisanu ndi chimodzi, ngati wayesa zonse koma ukufunabe custom

Alipo anthu amene njira ya mkhutu ndi yaying'ono kwambiri kapena yokhota mwakuti universal iliyonse imagwa kapena kupweteka, aliponso amene ali pa siteji sabata iliyonse ndipo bandi kapena mpingo ukuthandiza kulipira. Ngati ndi iwe, uyambe wakambirana ndi makolo, kenako tsata ndondomeko iyi osadumpha.

Pita kwa katswiri wa za kumva, osati wina aliyense. Ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic ku African Bible College ku Area 47, kuchoka pa Dedza ndi makilomita pafupifupi 85 pa M1, ndipo ku Blantyre kuli gawo la za kumva ku chipatala cha Queen Elizabeth, a ku Ntcheu mukhoza kuona komwe kwakufupikirani. Funsa kaye usananyamuke ngati angakutengere chikombole cha mahediseti a nyimbo, poti ntchito yawo yaikulu ndi ya zothandizira kumva. Ukafika upemphenso akuyeze kamvedwe, ndi bwino kudziwa pomwe makutu ako ali pano kuti mtsogolo uzidzafananiza.

Iwo amayamba ayang'ana mkhutu ndi katochi kawo. Ngati muli phula lambiri liyenera kuchotsedwa kaye, ngati khutu limatuluka mafinya kapena ng'oma ya mkhutu inabooka auze usanayambe chilichonse, chifukwa pamenepo nkhani ndi kuchiza kaye. Kenako amaika kasiponji kokhala ndi ulusi mkati kuti silikoni asafike pa ng'omayo, ndiye nkuthira. Makampani ambiri amafuna chikombole chozama, chodutsa pokhota pachiwiri pa njira ya mkhutu, ndipo amafuna utengetse kukamwa kuli kotsegula utaluma kachinthu pakati pa mano, kuti ukamadzaimba kapena kuyasamula chisamadzakhwepe. Kampani iliyonse ili ndi malangizo ake pa intaneti, sunga pa foni uwaonetse. Ukatenga usachedwe kutumiza, ndipo uike mkabokosi kolimba kuti chisaphwanyike.

Chomwe ndikukupempha ndi mtima wonse, usayese kudzithira wekha kapena kuuza mnzako akuthire. Pa YouTube pali mavidiyo a anthu akuchita zimenezi kunyumba. Wekha sungaone mkati mwa khutu lako, kasiponji kaja kakakhala molakwika silikoni amadutsa mpaka pa ng'oma, ndipo kuchotsa kwake kukhoza kufuna opaleshoni. Za silikoni wa ku hadiweya womatira magalasi, kapena guluu, usaganizeko nkomwe.

Pali njira yapakati yomwe ambiri saidziwa, makampani ena amaumba kansonga kokha ka silikoni kokwana khutu lako koti uvale pa universal yomwe uli nayo kale. Mtengo wake ndi wotsika kuposa custom yathunthu, nde ngakhale khutu litasintha chotayika nchochepa. Chikombole chimafunikabe kwa katswiri.

Kasamalidwe, mwachidule. Pukuta timalabala ukamaliza, kamodzi pa sabata tichotse utitsuke ndi madzi a sopo pang'ono, tiume kaye usanabwezeretse, ta siponji tokha usatinyowetse kwambiri. Kabowo kotulukira mawu kakatsekeka ndi phula mbali imodzi imamveka pansi ngati yafa, tsuka ndi kaburashi kouma kabowo kataloza pansi. Nyengo ya mvula kapena ya chifunga cha June ndi July usasiye mahediseti mthumba la jekete yonyowa, sunga mkabokosi pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera mu bokosi la nsapato. Ndipo khutu lenilenilo usamalitokose ndi kamtengo ka machesi, nthenga ya nkhuku kapena chotsekera bolopeni, umangokankhira phula mkati. Mnzako akakhala kuti khutu likumuvuta usabwerekane naye.

Pamsewu chotsa. Otseka bwino aja ndi omwe amaopsa kwambiri pa M1, thiraki ikutsika kuchokera ku boda kapena kabaza wa njinga yamoto akubwera kumbuyo iwe sukumva hutala. Pa Lizulu tsiku la msika anthu, magalimoto ndi njinga zimakhala zosakanikirana, pamenepo makutu onse awiri akhale pamtunda.

Mphwanga uja tinamuitanitsira universal ya waya wochotseka ndi paketi ya timasiponji. Tinakhala pafupifupi ola tikuyesa, kumanja kunakwana M, kumanzere S. Ku tchalitchi kwawo tinakoka waya kuchoka pa mikisa kupita pa ka ampu kakang'ono ka mahediseti komwe tinamangirira pambali pa mpando wake wa ng'oma, ndipo pa kogudumuza voliyumu ndinaika kachizindikiro ka penti yoyera pomwe asamadutse. Ndalama ya kachewere yotsala achemwali anasunga ya fizi ya mayeso. Tchuthi cha December akabwera tidzayesanso timasiponji tija kuti tione ngati masayizi akadali omwewo.